Mpongozi Wanga Anakana Kuyang'ana Kamera

Tsiku limenelo pa tchalitchi cha ku Ulongwe panali anthu awa, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzanene kuti mdala uja anangopeka. Panali ine mwini wake, Lusiyano Namate, wojambula zithunzi wodziwika kuyambira pa Balaka mpaka ku Nayuchi. Panali amayi anu a Agnesi, atamanga duku lofanana ndi chitenje chawo. Panali mkulu wanu Jeremiya, mwana wanga woyamba, amene anali mkwati. Panali Esinati, mkwatibwi, ndi makolo ake a Makawa ndi akazi awo. Panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ansembe, akwaya, ndi amayi Filomena, mlangizi amene anakhala naye Esinati m'nyumba sabata yathunthu. Ndiye panalinso Che Amidu, wojambula wa pa Ulongwe pomwepo. Ameneyo sindinamuitane ine, anabwera chifukwa nyumba yake ndi ya a Makawa zinayandikana.

Ana anga, ndikulemba ndekha m'kope. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye mukaona pena pakhota wongolani, koma nkhaniyo musaisinthe. Kuti mumvetse za tsiku limenelo, ndiyambe ndi mmene kamera inafikira m'manja mwanga.

Chaka chimene ndinafika pa Balaka

Ndinafika pa Balaka ndili kale ndi ndevu, nditatopa ndi khasu la kwathu ku Nayuchi. Ndinkasenza katundu pa sitesheni ya sitima. Tsiku lina mayi wina anaiwala thumba lake la mpunga, ine n'kumukuwira ali kutali kufupi ndi msika. Anatembenuka mayiyo, ndipo anatembenuka nawo anthu onse a pa sitesheni, mbuzi zomwe. Pamenepo bambo wina woonda, wamagalasi, anandikodola. Anati, "Achimwene, mawu amenewo ndi anu, kapena mwameza wailesi?" Ine ndinati, "Ndi anga, bwana, ndipo apa ndangonong'ona." Anaseka pang'ono n'kunena kuti mawa ndifike ku situdiyo yawo kuseri kwa msika. Amenewo ndiwo a Kalinde, bwana wanga woyamba ndi wotsiriza. Iwo anali ndi diso koma analibe mawu. Pa ukwati anthu ankangowapondaponda, ndiye ankafuna munthu wofoletsa khamu. Ntchito yanga inali imeneyo, kuphatikizapo kupachika nsalu yakumbuyo ija yojambulidwa ndege ndi nyumba zosanja, ndi kuyanika zithunzi pa chingwe. Zaka ziwiri zathunthu kamera ndinkangoiona ili m'khosi mwa eni ake.

Chinkandidabwitsa chinthu chimodzi. Loweruka lililonse la ukwati, a Kalinde sankamwa tiyi. Ankazungulira kuseri kwa situdiyo, n'kubwerako nkhope ili mbuu, akupukuta pakamwa. Ine ndinkayesa malungo. Nditawafunsa anati, "Lusiyano, chithunzi cha chiphaso chikalakwika, munthu amabweranso mawa. Ukwati ulibe mawa." Mumtima ndinati mdala uyu ndi wamantha basi, ine zimenezo sizingandichitikire.

Zinandichitikira. Diso lawo litatupa sabata ina, anandikoleka kamera m'khosi kuti ndikajambule ukwati wa mphunzitsi wina. M'mawa mwake m'mimba mwanga munayamba kuwira ngati thobwa losasa. Ndinapita kuchimbudzi katatu. Ndinatsegula chikwama kuti ndione ngati filimu ilimo, n'kutseka, n'kuyenda pang'ono, n'kutsegulanso. Pofika pa tchalitchi manja anali chinyezi chokhachokha, ndikupukutira pa buluku. Ndinkangoganiza kuti, nanga mphete ikamalowa chala changa n'kuchedwa? Nanga filimu ikapsa? Koma anthu atatuluka, ndinangotsegula kukamwa: "Aatali kumbuyo! Aafupi kutsogolo! Ana pansi! Amalume a chipewa inu, sunthirani uko!" Mantha aja anathawa ngati mbalame pamunda. Zithunzi zinatuluka zokongola mwakuti mphunzitsi uja anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo anthu ankati Namate ndi wolimba mtima. Sankadziwa kuti phokoso lonselo ndinkapirikitsira mantha. Ndipo mantha amenewo sanandisiye mpaka ndinapuma ntchito. Ukwati uliwonse, m'mimba momwemo, chimbudzi chomwecho. Amayi anu okha ndiwo ankadziwa, chifukwa tiyi wanga wa Loweruka ankamwa ndi iwo.

Zaka za njinga

A Kalinde atakalamba anatseka situdiyo n'kubwerera kwawo, ndipo kamera anasiyira ine. Pondipatsa anati, "Iyi usadzaipereke m'manja mwa munthu wina." Ndinasunga mawu amenewo. Inu nomwe ndinu mboni, palibe mmodzi wa inu anaikhudzapo. Ndinagula njinga, chikwama kumsana, basi dziko lonse linali langa. Ku Ulongwe, ku Liwonde, ku Ntaja, ndipo ku Nayuchi ndinkakweza njinga m'sitima. Ndikamalowa m'mudzi ana ankathamanga akukuwa kuti a Namate afika, amayi n'kuyamba kufunafuna mafuta odzola. Masiku amenewo kunalibe zoti wajambula n'kuyang'ana kumbuyo kwa kamera ngati mmene muchitira inu ndi mafoni anu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ikatha yatha, ndipo kuti udziwe chimene wachita unkadikira mpaka ukatsukitse ku Limbe. Nthawi zina mafilimu ankasowa miyezi, ukazungulira masitolo onse n'kubwerako ndi imodzi. Ndiye chala sichinkadina chisawawa. Chithunzi chilichonse unkachiganizira ngati chipolopolo cha mlenje.

Koma ku Ulongwe kunali munga wanga, Che Amidu. Munthu wamfupi, wakapu yoyera, wolankhula motsitsa ngati akupempha mchere. Poyamba tinkadziwana malire: iye maukwati a ku mzikiti, ine a ku tchalitchi. Kenako ndinangomva kuti wajambula ukwati wa katekisiti. Ndinapita kukaona zithunzizo dala, ndipo m'chimodzi mutu wa ankhoswe unali utadulidwa pamphumi. Basi ndinapeza nyimbo. Paliponse ndinkati, "Mukafuna kudulidwa mitu, pitani kwa Che Amidu!" Iye sanandiyankhe mokuwa, anangondipatsa dzina lakuti Chimkuzamawu, ndipo dzinalo linamera mizu moti ngakhale akabaza a pa Balaka ankandiitana choncho. Tikakumana pamsewu, iye ankatsika panjinga n'kunena kuti, "Moni, a Chimkuzamawu, ndinakumvani muli ku Liwonde." Ine ndinkati, "Zikomo, Che Amidu, mwadula ingati sabata ino?" Zaka zoposa khumi tikukhala choncho.

Mwezi wa ukwati wa Jeremiya

Jeremiya anali atayamba kale ntchito yowotcherera zitsulo pa Balaka pamene anapeza Esinati. Ankhoswe atamaliza zawo ndipo tsiku litadziwika, ine ndinasangalala ngati ndine ndikukwatira. Ndinauza aliyense pamsika kuti ukwati uwu mudzaona zithunzi zimene simunazionepo. Ndinalonjeza chithunzi chachikulu cha m'felemu, mkwati ndi mkwatibwi nkhope zili gwa, choti chidzapachikidwe pabalaza mpaka zidzukulu zidzachione. Mafilimu anali atasowanso nthawi imeneyo, koma ndinakwera sitima mpaka ku Limbe, ndinayenda mpaka mapazi kutupa, ndipo ndinapeza awiri.

Amayi anu anati, "Abambo ake a Jeremiya, tsiku limeneli inu ndi kholo. Khalani pampando, ajambule wina." Ine ndinati, "Wina wake ndani? Wodula mitu uja? Ndajambula ana a anthu zaka zonsezi, lero wanga yemwe ndimusiyire mlendo?" Jeremiya naye anabwera madzulo ena, anakhala pansi n'kuyamba kuti, "Bambo, pali kanthu kena kokhudza Esinati ndi inu..." Sindinamulole kumaliza. Ndinati, "Iwe konza suti. Za zithunzi usaphunzitse bambo ako." Anangoyang'anizana ndi amayi ake. Ndikanamumvera tsiku limenelo, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Loweruka la ukwati

Ana anga, mantha onse amene ndinawamvapo m'moyo wanga anasonkhana m'mawa umenewo. Kuchimbudzi ndinapita kanayi. Tayi anandimanga ndi amayi anu chifukwa zala zanga zinkakana. Mabatire a fulashi ndinawachotsa, n'kuwanyambita, n'kuwabwezera, n'kuwachotsanso. M'minibasi yopita ku Ulongwe chikwama ndinachikumbatira pachifuwa ngati khanda lodwala. Koma mkati mwa manthawo munalinso chimwemwe chosaneneka. Mtima unkagunda ngati ng'oma ya akwaya, ndipo ndinkauza aliyense m'minibasimo, ngakhale amene sanafunse, kuti lero akukwatira ndi mwana wanga ndipo wojambula ndine.

M'tchalitchi zinayenda bwino. Ndinagwada, ndinakwawa, ndinakwera pabenchi mpaka ansembe anandiyang'ana ndi diso. Mphete ikulowa ndinaigwira. Kusaina m'buku ndinakugwira. Esinati anali wozyolika nthawi yonseyo, koma sindinadandaule, mkwatibwi aliyense amatero m'tchalitchi. Ndinati panja ndikamudzutsa mutu ameneyu, ndadzutsapo ambiri.

Panja dzuwa linali labwino, lopanda ukali. Filimu yoyamba inali itatha, ndinaika yachiwiri. Ndinafoletsa anthu ndi mawu anga aja moti ogulitsa chimanga kumsewu anasiya malonda n'kubwera kudzaonerera. Ndinajambula akwaya, ankhoswe, achibale a uku ndi uku. Kenako ndinati, "Tsopano eni ake! Onse tapatukani!" Jeremiya anaima chilili ngati msilikali, Esinati pambali pake, velo itabwezedwa kumbuyo. Ndinaika diso pakamera. Chimene ndinaona ndi maluwa a pamutu ndi kachipumi pang'ono. Ndinati, "Mkwatibwi, tayang'anani kuno!" Mutu sunasunthe. Ndinadina chimodzi poganiza kuti kuwala kwa fulashi kumudzidzimutsa. Ayi ndithu. Ndinaimba mluzu. Ndinanena nthabwala yanga ija imene inkaseketsa akwatibwi onse a m'Machinga. Anthu anaseka, Jeremiya anaseka, mapewa a Esinati anagwedezeka, koma maso ali pa nsapato zake. Ndinadinanso, n'kudinanso, filimu ikupita. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala. Kenako ndinapsa mtima n'kukuwa kuti, "Esinati, dzutsa mutu!"

Amayi onse anati, "Hiii!" Ena anagwira pakamwa. Mwanayo anazyolika kwambiri mpaka chibwano chinagunda pachifuwa. Amayi Filomena, mlangizi uja, anabwera akukokera chitenje m'chiuno n'kuima patsogolo panga.

"A Namate, mwaiwala kuti ndinu ndani? Mukumutchula dzina ngati mwana wa sukulu?"

"Pepani amayi, koma nthawi ikutha. Muuzeni ayang'ane kuno."

"Iyayi. Sabata yonse takhala tikumuuza kuti apongozi aamuna sayang'anidwa m'maso. Ndiye lero, tsiku loyamba lenileni, aswe mwambo pamaso pa Ulongwe yense?"

"Sakuyang'ana ine, amayi, akuyang'ana kamera!"

"Nanga kuseri kwa kamerako kuli diso la yani?"

Anthu anafa nako kuseka. Zaka zonsezo ndinkadzutsa mitu ya akwatibwi chifukwa kwa iwo ndinali mlendo wongodutsa. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti kwa uyu ndine apongozi. Komabe sindinagonje msanga. Ndinavula jekete n'kudzifunditsa kumutu, kamera yokha itasuzumira, n'kunena kuti, "Apongozi, chonde, ine kulibe, ndachoka!" Akwaya anagwirana mapewa ndi phwete. Ndinakabisala kuseri kwa mtengo wa mango n'kutulutsa dzanja lokha. Koma mawu angawa angabisale kuseri kwa mtengo? Mwana wa eni anali wolangidwa bwino, sanasunthe.

Ndinayang'ana kawerengero kapamwamba pa kamera. Zinatsala zithunzi zinayi. Woyendetsa galimoto ya lole yonyamula anthu kupita kumadyerero anali atayamba kuliza hutala. Jeremiya anandiyang'ana, ndipo m'maso mwakemo ndinaona kuti akumvera chisoni ine, akumveranso chisoni mkazi wake. Ndinaganiza za felemu imene ndinalonjeza. Ndinaona zidzukulu zanga zikuloza pakhoma n'kumafunsa kuti amayi athu nkhope yawo ili kuti, wina n'kuyankha kuti agogo anu ndiwo anajambula.

Che Amidu anali ataima pamthunzi, atatsamira njinga yake, chimanjamanja. Iyenso mafilimu anali atamuthera, ndiye anangobwera ngati mnansi. Sankaseka nawo. Ndinayenda kupita kumeneko, ndipo mtunda wa mapazi makumi awiri unatalika ngati wa ku Nayuchi. Mawu a a Kalinde ankalira m'khutu. Ndinavula lamba wa kamera m'khosi.

"Che Amidu, zatsala zinayi. Ndithandizeni."

Koyamba m'moyo wanga munthu anandiuza kuti, "Mwati bwanji? Sindinamve." Ndinabwereza mokweza pang'ono. Anapukuta manja pa mkanjo wake n'kulandira ndi manja awiri. Pamenepo ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekeze. Manja ake ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo.

"Che Amidu, n'chiyani?"

"Wallahi, ndikulumbira, achimwene, ukwati uliwonse ndimatere. Ndiye lero mwandidzidzimutsa, ndadya kale ndi chinangwa chomwe. Masiku onse m'mawa wa ukwati sindilawa kanthu."

"Inunso?"

"Nanga mumayesa ndinu nokha? Ine ndimakuonanitu mmene mumapukutira manja pa buluku."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira. Ndinayamba kumulangiza kuti dzuwa likhale kumbuyo kwake, asayandikire kwambiri, ndipo chonde mitu. Iye anati, "A Chimkuzamawu, khalani chete kamodzi kokha m'moyo wanu." Ndinati chabwino, ndikabisala kuseri kwa tchalitchi. Anati, "Iyayi. Mukakhala uko mkwatibwi adziwa kuti mukumusuzumira. Kaimeni pambali pa mwana wanu, kumene maso ake safika. Amayi ake a Jeremiya, inunso bwerani." Ndinavala jekete n'kukaima kudzanja lamanja la Jeremiya, amayi anu pafupi nane, Esinati mbali inayo. Apo m'pamene ndinazindikira tsoka langa: ndikayang'ana kutsogolo sindingaone ngati wadzutsa mutu, ndikatembenuka kuti ndione, azyolikanso. Ndinaima ngati chitsa. Galasi la kamera yanga yomwe linandiloza. Ndinati kodi anthu onse aja ndinkawakalipira ankamva chonchi?

Che Amidu sanakuwe. Analankhula motsitsa, mawu awiri atatu a Chiyao, ngati akuitana mwana wake kuti adzatenge chinthu. Fulashi inati ng'ani. Amayi anaimba nthungululu. Inati ng'ani kachiwiri, kachitatu, kachinayi, filimu n'kutha. Ndinathamangira kwa iye. "Wayang'ana?" Anandikoleka kamera m'khosi n'kunena kuti, "Mukaonera ku Limbe." Kumadyerero ndinavina mpaka tayi inatembenukira kumsana. Aliyense ankandiuza kuti mkwatibwi anadzutsa mutu, koma wojambula sakhulupirira pakamwa pa munthu, amakhulupirira pepala. Mwina anadzutsa fulashi itadutsa kale. Mwina manja onjenjemera aja anagwedeza kamera.

Lachinayi lotsatira

Ndinapita ku Limbe kukatsukitsa. Masiku onse envulopu ndinkaitsegulira pakauntala pomwepo, koma tsiku limenelo ndinalephera. Ndinaiika m'thumba lamkati la jekete, ndipo ulendo wonse wa sitima dzanja linali pamenepo. Nditatsika pa Balaka sindinapite kwathu, ndinalunjika kunyumba ya Jeremiya. Esinati anandilandira atagwada patali, maso pansi, n'kulowa kukhitchini. Ndinapereka envulopu kwa mwana wanga n'kunena kuti, "Tsegula ndiwe, ine maso akundiwawa ndi fumbi." Anayamba kuziona chimodzichimodzi, osafulumira. Za m'tchalitchi anagwedeza mutu movomereza. Za maluwa a pamutu zija anangoziika pambali mwaulemu. Atafika pa zinayi zomaliza anaziyala pa tebulo n'kuziyang'anitsitsa. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, ndipo anatola chimodzi n'kuchigwira kutali ndi dzanja langa.

"Bambo, mpongozi wanu wayang'ana, ndipo akumwetulira. Koma inu, wojambula wamkulu wa m'Machinga, mwatsinzina m'zinayi zonse. Ichi ndiye chikalowe m'felemu, ndipo musachikhudze."